Timbalame tapepala ta ku Hiroshima

Lero tipita kutali, ku Japan, mumzinda wa Hiroshima, kukaona kanthu kopepuka moti mwana akhoza kukaulutsa pongokauzira mpweya: kambalame kopinda ndi pepala. Chaka chilichonse timbalame totere pafupifupi 10 miliyoni timafika mumzindawu kuchokera kusukulu, kumipingo ndi kumabanja a m'maiko ambiri, ndipo kulemera kwake kumafika matani 10. Munthu woganiza ayenera kufunsa ngati anthu onsewa sakungotaya nthawi ndi mapepala. Yankho langa ndi lakuti sakutaya nthawi. Koma si aliyense wopinda kambalame amene amachita chinthu chanzeru, ndipo ndikufuna tione pamodzi chimene chimasiyanitsa kambalame konena zoona ndi kambalame kophimba mlandu.

Pa 6 Ogasiti 1945, nthawi ili 8:15 m'mawa, ndege ya America inaponya bomba la atomiki pa Hiroshima. Patapita masiku atatu lina linagwa pa Nagasaki. Pofika kumapeto kwa chaka chimenecho anthu pafupifupi 140,000 anali atafa ku Hiroshima kokha, ena ndi moto, ena ndi nyumba zowagwera, ena ndi matenda achilendo amene madokotala ambiri anali asanawaonepo. Bomba limeneli silimaliza kupha pa tsiku limene laphulika. Limasiya cheza choopsa chimene chimalowa m'thupi n'kuwononga mafuta a m'mafupa, kumene magazi amapangidwira, ndipo munthu wooneka wathanzi akhoza kuyamba kudwala patapita zaka. Khansa ya m'magazi inachuluka pakati pa opulumuka, makamaka amene anali ana pa tsikulo. Nkhaniyi ili ndi mbali yake ku Africa kuno: mbali yaikulu ya miyala ya yureniyamu imene America inagwiritsa ntchito popanga mabomba oyambawo inakumbidwa pamgodi wa Shinkolobwe, ku Katanga m'dziko la Congo.

Sadako Sasaki anali ndi zaka ziwiri pa tsiku la bomba. Kwawo kunali pamtunda wosakwana makilomita awiri kuchokera pamene linaphulikira. Anapulumuka wopanda bala lodetsa nkhawa, koma pothawa ndi amayi ake anavumbidwa ndi mvula yakuda imene inagwa mumzinda tsiku lomwelo, mvula yodzaza ndi mwaye ndi cheza chija. Agogo ake aakazi anafa tsiku lomwelo. Sadako anakula bwinobwino, mwana wa bambo wometa tsitsi, ndipo kusukulu ya Nobori-cho ankadziwika ndi liwiro. Chakumapeto kwa 1954 anayamba kutupa m'khosi ndi kuseri kwa makutu. Mu Febuluwale 1955 anagonekedwa m'chipatala cha Red Cross ku Hiroshima, atapezeka ndi khansa ya m'magazi. Mu Ogasiti chaka chomwecho, anthu a mumzinda wa Nagoya anatumizira odwala a m'chipatalamo timbalame tapepala ta mitundumitundu powafunira kuchira, ndipo Sadako anayamba kupinda take.

Kuti timvetse chimene mwanayu ankachita, tidziwe mbalameyo. Anthu a ku Japan amaitcha tsuru. Ndi mbalame ya m'madambo, ya miyendo ndi khosi lalitali, yofananako ndi kakowa koma yaikulu kwambiri, ndipo nthano za kumeneko zimati imakhala ndi moyo zaka 1,000. Luso lopinda mapepala amalitcha origami, ndipo ndi lakale: buku lophunzitsa kapindidwe ka timbalame timeneti, lotchedwa Hiden Senbazuru Orikata, linasindikizidwa mu 1797. Pamafunika pepala limodzi la mbali zinayi zofanana, popanda sizasi, popanda zomatira. Umapinda, n'kufunyulula, n'kupindanso motsata mizere imene yatsalira, kufikira khosi, mchira ndi mapiko zitatuluka. Timbalame 1,000 totungidwa pa ulusi amatitcha senbazuru, ndipo pali chikhulupiriro chakuti wopinda tonseto amalandira chimene mtima wake ukupempha, makamaka kuchira ndi moyo wautali. Sadako analibe mapepala okwanira. Ankatolera okulungira mankhwala ndi okulungira mphatso za odwala anzake, ndipo timbalame tina tinali tating'ono kwambiri moti ankatipinda ndi nsonga ya singano. Anamwalira pa 25 Okutobala 1955 ali ndi zaka 12.

Apa pali mfundo imene ndikufuna muigwire bwino. Anthu ambiri padziko anamva nkhaniyi kudzera m'buku la ana la Eleanor Coerr la mu 1977, ndipo m'bukumo Sadako amamwalira atapinda timbalame 644 tokha, anzake n'kumalizitsa totsalato. Achimwene ake aakulu, a Masahiro Sasaki, pamodzi ndi nyumba yosungira mbiri ya bombali ku Hiroshima, amanena zosiyana: mwanayu anakwanitsa 1,000, n'kupitiriza kupinda tina mazana angapo. Nkhani ya 644 imasiyira womvera pothawira, chifukwa akhoza kuganiza kuti akanakwanitsa mwina akanachira. Nkhani yoona ilibe pothawira potero. Anakwanitsa, sanachire, ndipo ataona kuti sakuchira sanaleke. Mwana wa zaka 12 amene akuona miyendo yake ikusanduka mtundu ndi mawanga, amene akuona odwala anzake akutulutsidwa m'chipinda osabwereranso, si wopusa. Ngati anapitirizabe kupinda chiwerengero chitakwana kale, ndiye kuti kupindako kunkamupatsa chinthu china chimene sichinali m'lonjezo la nthano ija.

Chinthucho tikhoza kuchilingalira popanda kulowa m'mutu mwa malemuyo. Matenda aakulu amalanda munthu zochita. Wodwala amagonekedwa, amabayidwa, amayezedwa, amadikira. Chilichonse chimachitika kwa iye, ndipo palibe chochitika ndi iye. Nkhondo imachitanso chimodzimodzi kwa anthu wamba, amene safunsidwa tsiku limene ndege zikubwera. Kupinda pepala kumabwezera munthu kachidutswa ka ulamuliro. Ndi ntchito imene ili ndi chiyambi ndi mapeto, imene manja ofooka angaithe, ndipo imafuna maso ndi maganizo onse kwa mphindi zingapo, moti mantha amayamba adikira panja. Ikatha, pachikhatho pamakhala chinthu chimene kale panalibe. Amayi amene amaluka zoluka podikirira wodwala pakhonde la chipatala, ndi abambo amene amasoka mphasa m'masiku a chisoni, akudziwa zimenezi kuposa mmene ine ndingafotokozere. Kuchira kumene pepala lingapatse munthu ndi kotereku. Sikuchotsa khansa m'magazi, ndipo aliyense wouza wodwala kuti kungatero amamuchimwira.

Wina anena kuti: chabwino, zinamuthandiza iye mwini, koma mtendere wa dziko ukubwera pati? Tione zimene anzake a m'kalasi anachita. Zaka zoyamba nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, Japan ili m'manja mwa asilikali a America mpaka 1952, nkhani za mavuto a bombali zinkaletsedwa kapena kudulidwa m'manyuzipepala. Opulumuka, amene kumeneko amawatcha hibakusha, ankasalidwa. Ena ankakanidwa ntchito, ena ukwati, poopa kuti matenda awo ndi opatsirana kapena adzapita kwa ana, choncho ambiri anasankha kubisa kumene anali pa 6 Ogasiti. M'nyengo yotereyi ana a sukulu, ataika mnzawo m'manda, anayamba kulemba makalata ndi kugawa timapepala topempha thandizo kuti amange chipilala chokumbukira ana onse ophedwa ndi bomba. Sukulu zoposa 3,000 za m'Japan zinasonkha. Pa 5 Meyi 1958, limene ndi tsiku la ana m'dzikolo, chipilalacho chinatsegulidwa m'paki ya mtendere ku Hiroshima: pamwamba pake pali chifanizo cha mtsikana atakweza manja, atanyamula kambalame. Chiwerengero cha 140,000 n'chachikulu moti mtima sungachinyamule. Mtsikana mmodzi wokonda kuthamanga mtima umamunyamula, ndipo kudzera mwa iye enawo amayamba kuoneka ngati anthu. Kambalameko kanapatsa dziko njira yokambira chinthu chimene akuluakulu ankachita nacho manyazi ndi mantha.

Tsopano kutsutsa kwenikweni, ndipo sindikupeputsa. Padziko pali mabomba a nyukiliya pafupifupi 12,000 lero, ambiri mwa iwo amphamvu kuposa la ku Hiroshima. Zaka zoposa 60 za kupinda mapepala sizinawachotse. Kodi si chizindikiro chakuti mwambowu ndi wotonthoza opindawo okha? Ndiyankha mbali ziwiri. Mbali yoyamba timaidziwa kwathu kuno. Pamaliro timanyamula nkhuni ndi ufa, timagona pasiwa usiku wonse, timanena kuti pepani. Palibe mwa izi chimene chimadzutsa wakufa, koma mudzi umene waleka kuchita zimenezi umakhala utafa kale, chifukwa maliro n'kulirana. Timbalame 1,000, ngati kalikonse katenga mphindi 5, ndi maola oposa 80 a ntchito ya manja. Wotumiza senbazuru watumiza masiku a moyo wake, ndipo kawirikawiri amakhala masiku a kalasi lonse limene linakhala pansi, mphunzitsi n'kufotokoza chifukwa chake. Mbali yachiwiri ndi yakuti kukumbukira kumeneku kwabala zipatso zooneka. Bungwe la opulumuka, Nihon Hidankyo, linakhazikitsidwa mu 1956, ndipo chizindikiro chake ndi kambalame kapepala komweka. Mamembala ake anamenyera lamulo la chithandizo cha mankhwala kwa opulumuka, limene linabwera mu 1957, ndipo akhala akuyenda dziko lonse kuchitira umboni. Mu 2017 maiko 122 anavomereza ku United Nations pangano loletsa zida za nyukiliya, linayamba kugwira ntchito mu Januwale 2021, ndipo Malawi inalilowa kwathunthu mu 2022. Mu 2024 bungwe la opulumukali linalandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Maiko okhala ndi mabombawo sanasaine panganolo, ngakhale Japan yeniyeniyo sinasaine, ndiye ntchito ikadalipo yaikulu. Komabe kuyambira pa 9 Ogasiti 1945 palibe dziko limene laponyanso bomba lotere pankhondo. Zifukwa zake n'zambiri, ndipo kuopana kwa maiko amphamvu ndi chimodzi mwa izo. Chinanso ndi manyazi amene angagwere woyamba kuliponya, ndipo manyazi amenewa sanamere okha. Anadzalidwa ndi anthu amene anakana kuti dziko liiwale maonekedwe a mwana wodwala khansa ya bomba.

Kutsutsa kwachiwiri n'kolemera kuposa koyamba. Japan sinali wolakwiridwa chabe pankhondo ija. Inalamulira Korea mwankhanza kuyambira 1910 mpaka 1945, asilikali ake anapha anthu ochuluka kwambiri ku Nanjing m'dziko la China mu 1937, ndipo anatenga akazi a m'maiko amene anawagonjetsa kukhala akapolo a chiwerewere. Azigogo athu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anakamenyana ndi asilikali a Japan m'nkhalango za ku Burma, ndipo ena sanabwerere. Munthu wa ku Seoul kapena ku Nanjing akhoza kufunsa mwachilungamo ngati kambalame kokongolaka sikakuthandiza dziko lolakwa kuvala nkhope ya mwana wosalakwa. Ngoziyo ilipo ndithu. Ngakhale mu Hiroshima momwemo, anthu a ku Korea zikwizikwi anafa ndi bomba, ambiri atabweretsedwa kudzagwira ntchito mokakamizidwa, koma chipilala chawo chimene chinamangidwa mu 1970 chinakhala kunja kwa paki ya mtendere mpaka 1999. Chifundo chosankha mtundu chimakhala chitasanduka ndale. Koma taonani zimene banja la Sadako linachita ndi timbalame tenitenito timene mwana wawo anasiya. A Masahiro anapereka kamodzi ku New York, kumalo okumbukira amene anafa pa 11 Seputembala 2001. Kena anakapereka ku Pearl Harbor, pamene ndege za Japan zinapha asilikali a America mu Disembala 1941. Kenanso kanapita kunyumba yosungira mbiri ya Harry Truman, pulezidenti amene analamula kuti bomba liponyedwe, ndipo mdzukulu wa Truman, a Clifton Truman Daniel, anapita ku Hiroshima mu 2012 ataitanidwa ndi a Masahiro omwewo. Kutenga chotsala cha mlongo wako n'kukachisiya pamanda a amene dziko lako linawapha ndi kuvomereza kuti misozi si ya mbali imodzi. Kambalame kogwiritsidwa ntchito motere sikaphimba mlandu wa Japan. Mwana wa zaka ziwiri sanalamulire asilikali ku Nanjing, ndipo kumulira iye sikutsekereza munthu kulira ana a ku Nanjing.

Pali chitsanzo china chimene chimasonyeza mbali yoipa poyera. Kummwera kwa Thailand, m'zigawo za Pattani, Yala ndi Narathiwat kumene anthu ambiri ndi Asilamu, kwakhala kuli ziwawa kwa zaka zambiri. Pa 25 Okutobala 2004, asilikali anabalalitsa anthu ochita zionetsero m'tauni ya Tak Bai. Anthu 7 anawomberedwa, ndipo ena 78 anafa chifukwa chobanika atamangidwa manja kumbuyo n'kusanjikizidwa m'malole ngati matumba. Patangopita milungu isanu ndi umodzi, pa 5 Disembala, boma la Thaksin Shinawatra linatumiza ndege zankhondo kukamwaza timbalame tapepala pafupifupi 100 miliyoni pa zigawo zimenezi monga uthenga wa mtendere. Anthu wamba ambiri a ku Thailand amene anapinda timbalameti anachita ndi mtima wabwino, ndipo sindikuwanyoza. Koma mabanja a ku Tak Bai ankafuna kudziwa amene anapha ana awo, ankafuna mlandu ukambidwe. Ziwawa zinapitirira, ndipo mu Okutobala 2024 nthawi imene lamulo limalola kuzenga mlanduwo inatha popanda ngakhale mmodzi wopezeka wolakwa. Kapindidwe kake kanali komweko ka ku Hiroshima. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Hiroshima timbalame tinachokera m'manja mwa odwala ndi ana kupita kwa amphamvu monga pempho, pamene ku Thailand tinagwa kuchokera m'ndege za amphamvu kupita pamitu ya olira, m'malo mwa yankho. Kwathu kuno munthu amene ng'ombe zake zadya munda wa mnzake sapita ndi maluwa. Amapita kwa amfumu, amavomera, amalipa, ndipo kugwirana chanza kumabwera pambuyo.

Muyeso womwewu tiyenera kuugwiritsa ntchito kwa wina aliyense waudindo. Pa 27 Meyi 2016 Barack Obama anakhala pulezidenti woyamba wa America kufika ku Hiroshima ali pampando. Anabweretsa timbalame tinayi topinda yekha, anakumbatira mmodzi mwa opulumuka, ndipo anthu ambiri a mumzindawo anakhudzidwa mtima. Sanapepese, ndipo boma lake ndi limene linayambitsa ntchito yaikulu yokonzanso zida za nyukiliya za America kuti zikhale zamakono. Zonse ziwirizi n'zoona. Ulendowo unali ndi phindu, chifukwa mtsogoleri wa dziko loponya bomba anaima pamalo pamene linagwera n'kuwerama. Koma timbalame ta munthu amene ali ndi mphamvu yochepetsa mabomba sitingayezedwe ndi muyeso wa timbalame ta mwana wa sukulu. Mwanayo wapereka zimene angathe. Pulezidenti ali ndi cholembera chosainira mapangano, ndipo n'koyenera kumufunsa chimene wachita nacho.

Palinso dandaulo laling'ono koma lanzeru limene anthu a ku Japan eniake amalikambirana. Kukachitika chivomezi kapena nkhondo kwina, ena amathamangira kutumiza senbazuru, ndipo ogwira ntchito yothandiza anthu amadandaula kuti mitolo ya mapepala imadzaza malo ofunika chakudya, mabulangete ndi mankhwala. Mkangano wotere unabuka mu 2022 pa za Ukraine, n'kubukanso mu 2023 chivomezi chitagwedeza Turkey. Odandaulawo akunena zoona. Ife amene tinaona anthu a ku Mulanje, Phalombe ndi Chilobwe atasowa pogona ndi namondwe wa Freddy tikudziwa kuti wanjala amayamba wafuna ufa. Chizindikiro chili ndi nthawi yake, ndipo nthawiyo amaidziwa ndi wolandira. Wopatsa ayenera kufunsa kaye.

Ku Hiroshima kumene, wolandira anapempha yekha, ndipo akupemphabe. Opulumuka amene ali moyo tsopano sakukwana 100,000, ndipo ambiri apitirira zaka 80. Posachedwa sipadzakhala wonena kuti ndinaona ndi maso anga. Mphunzitsi wa ku Mzimba kapena ku Chipata amene angafune kuti ana ake adziwe za 6 Ogasiti safunika zipangizo zodula: pepala la kope lakale lodulidwa mbali zinayi zofanana likukwana. Chofunika n'chakuti manja akamapinda, pakamwa pazinena nkhani yonse, ya Sadako ndi timbalame take topitirira 1,000, ya anthu a ku Korea amene chipilala chawo chinakhala kunja kwa paki zaka 29, ya ku Nanjing, ya okumba miyala ku Shinkolobwe ndi ya asilikali athu ku Burma.

Mwina mukufunsa kumene matani 10 a mapepala amapita chaka ndi chaka. Timbalame tikafika timapachikidwa m'tizipinda ta galasi tozungulira chipilala cha ana, ndipo mzinda umalemba m'kaundula maina a otumiza amene afuna kulembedwa. Tikakhalitsa timachotsedwa kuti tina tilowe. Kwa zaka zingapo mzindawu unkangotisunga m'nyumba zosungiramo katundu, posafuna kuwotcha zimene anthu anapinda ndi pemphero, mpaka malo anayamba kuchepa. Utafunsa maganizo a anthu, unayamba kutipereka kwa magulu amene amatinyika n'kupanganso pepala latsopano. Papepalalo pamaoneka timadontho tofiira, tobiriwira ndi tachikasu, totsalira ta mapiko aja, ndipo amapangira makope, makadi otumizirana uthenga, ngakhale masatifiketi amene ana a sukulu za mumzindawo amalandira akamaliza maphunziro.